Bambo anamwalira ndi mtima ali ndi zaka 47: kodi nanenso ndikayezetse?

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kuti bambo ake anagwa mwadzidzidzi ali ndi zaka 47, mng'ono wa bambowo nayenso anapita chimodzimodzi, ndipo akufunsa ngati kuyezetsa magazi kuli ndi phindu kwa munthu wochepa thupi, wosamwa mowa, wopalasa njinga tsiku ndi tsiku. Achimwene, kayezetseni, ndipo musapite nokha.

Funso lanu landikhudza chifukwa kwathu kuchikazi tinaika amalume awiri asanamere imvi. Pa maliro onse awiri akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti imfa zotero sizibwera zokha, ndipo mlandu unagwera gogo wina amene tinkalimbirana naye malire a munda. Mabanja awiriwo anasiya kupatsana moni kwa zaka zambiri. Nthawi yonseyo mayi anga anali ndi zotupa zolimba, zosapweteka, pa msempha wa kumbuyo kwa chidendene, ndipo tonse tinkati n'chifukwa choyenda mitunda italiitali kupita kudimba. Dokotala amene anaziona atapita kukaonetsa bondo ndiye anafunsa za abale amene anamwalira, nalamula kuti ayezedwe mafuta a m'magazi. Zotupazo zinali kolesterolo (mtundu wa mafuta a m'magazi) wounjikana, ndipo titayezetsa ana awo, ine ndi mlongo wanga mmodzi tinapezeka nalo vutoli.

Madokotala amalitchula kuti familial hypercholesterolaemia. Chiwindi ndicho chimachotsa m'magazi kolesterolo woipa wotchedwa LDL, koma munthu wobadwa ndi vutoli ali ndi theka chabe la tizigawo togwira ntchitoyo, choncho mafutawo amayamba kumata m'mitsempha ya mtima kuyambira ali mwana. Akatswiri a sayansi Michael Brown ndi Joseph Goldstein analandira mphoto ya Nobel mu 1985 chifukwa chotulukira zimenezi. Padziko lonse munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 250 ali nalo, ndipo ambiri sadziwa. Ku South Africa, pakati pa Afrikaner, n'lofala kwambiri kuposa pamenepo, popeza mtunduwo unachokera kwa mabanja ochepa a atsamunda, ena mwa iwo ali nalo kale.

Apa ndiye ndimatsutsana ndi uphungu umene timapatsana kumaliro, wakuti tichepetse chiwaya ndi mang'ina basi. Kudya bwino n'kofunika, koma kwa munthu wa vuto lakumtunduli sikokwanira, ndipo kuchepa thupi si umboni wa chilichonse. Mwa amuna a vutoli amene salandira mankhwala, pafupifupi theka amadwala mtima pofika zaka 50. Ngati kholo limodzi lili nalo, mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, akhoza kutengera kapena ayi mofanana ndendende, ndipo vutoli silisamala kuti inu mumawerengera mtundu kuchikazi kapena kuchimuna. Mwinimbumba amene amasonkhetsa ndalama za bokosi koma osatchula zoyezetsa otsalawo, kwa ine wagwira theka la udindo wake. Ku Netherlands anayamba mu 1994 kutsata abale a munthu aliyense wopezeka nalo, khomo ndi khomo, ndipo anapeza anthu masauzande asanadwale. Ife banja timalidziwa mpaka kwa zidzukulu za azakhali, kotero ntchito yotereyi sitingailephere.

Zoti muchite

Kuyezetsa BP ndi shuga sikuonetsa vutoli. Pitani kuchipatala chachikulu kapena ku labotale, mukapemphe lipid profile, komwe ndi kuyeza mafuta a m'magazi, ndipo muwauze zaka zimene bambo anu ndi mng'ono wawo anamwalira. LDL yopitirira 4.9 mmol/L kwa wamkulu, pamodzi ndi mbiri ngati yanuyi, ndi chizindikiro champhamvu. Mankhwala ake ndi mapiritsi a statin, monga atorvastatin, omwa moyo wonse. Mukapezeka nalo, abale anu a bere limodzi ayezedwe, ana anunso asanapitirire zaka 10, ndipo alongo anu amene akufuna kutenga pakati akambirane kaye ndi dokotala, chifukwa mapiritsiwa nthawi zambiri amaimitsidwa mayi akakhala woyembekezera.