Yankho kwa achimwene pa nkhani ya njinga ija

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko ku Zomba? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kuntchito. Ndati ndingojambula mawu, chifukwa zoti ndinene ndi zambiri. Ena pagulu pano amene nkhani ya njinga siikukukhudzani, mutikhululukire, italikirapo pang'ono.

Funso lanu ndalimva. Mwati sikelo ya kuchipatala yawerenga makilogalamu 118, adokotala akuti BP yakwera ndiye muyambe kulimbitsa thupi, koma kuthamanga mawondo akukana. Tsono mwaona mountain bike ku Limbe, ya mashoko kutsogolo ndi kumbuyo, mtengo wake wotsika, ndiye mukufunsa ngati ingakunyamuleni, komanso kuti ndalama muikonze bwanji.

Choyamba ndakondwa kwambiri. Njinga ndi yabwino kwa ife a matupi akuluakulu, chifukwa thupi limakhala pachishalo, mawondo samenyedwa ngati pothamanga. Koma ija mwatumiza pachithunzi ija, achimwene, isiyeni. Ndikunena ndi mtima wonse. Ine nditangofika kuno ku Johannesburg ndinagula yofanana nayo, m'shopu ina yaikulu yogulitsa chilichonse, mapoto, ma TV, zovala. Nthawi imeneyo ndinali wonenepa kuposa inu. Miyezi iwiri isanathe masipoko atatu anali atathyoka, gudumu la kumbuyo likuvina, kenako ekiselo, chitsulo chodutsa pakati pa gudumu chija, inapindika. Ndalama yonse inangolowa m'madzi. Njinga ikakhala yotchipa koma ili ndi shoko ya kumbuyo, dziwani kuti ndalama anaiika pa sipuling'i ndi penti, ndipo anaichotsa ku magudumu ndi mabuleki. Komanso sipuling'i imeneyo, munthu wa makilogalamu 118 akakhalapo, imangonesa; mukapalasa, mphamvu yanu ikuthera pokwera ndi kutsika m'malo mopita kutsogolo. Inu funani imene amaitcha hardtail, ya shoko kutsogolo kokha, kumbuyo felemu yokhayokha yolimba.

Tsono pali chinthu chimene ogulitsa sangakuuzeni: njinga iliyonse ili ndi malire a katundu amene inapangidwira. Mwachitsanzo a kampani ya Trek, pa njinga zawo ngati Marlin, amalemba makilogalamu 136. Koma 136 imeneyo si ya inu nokha ayi, ndi ya inu, njingayo ndi chilichonse mwanyamula. Njinga yokha ili cha m'ma 14. Muphatikize ndi 118 yanu, yakwana 132. Muikepo madzi, nsapato, kachikwama, mwafika pamalire penipeni. Musachite mantha, felemu ya kampani yodziwika sithyoka wamba, ndipo mukamapalasa thupi lizitsika. Koma zikutanthauza kuti simungagule mwachimbulimbuli ngati mnyamata wa makilogalamu 65.

Chimene chimafa koyamba ndi gudumu la kumbuyo. Apa ndiye mumvetsere, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Mukakhala pachishalo, kulemera kwanu kwambiri kumapita kumbuyo. Dzenje lililonse, mwala uliwonse, amene akulandira ndi masipoko a kumbuyo. Ndiye mukapita kokaona njinga, musayambe ndi mtundu wa penti, gwadani muwerenge masipoko. Akhale 32, akakhala 36 ndiye bwino koposa. Mukapeza 28 kapena 24, si yanu. Kenako limu, chitsulo chozungulira chimene pamakhala tayala, ikhale ya makoma awiri, amati double wall. Ya khoma limodzi imapindika msanga.

China chili pa habu, pamene pamakhala magiya a kumbuyo paja. Pali mitundu iwiri. Wina ndi freewheel, magiya onse amangomangidwa pa habu ngati nati. Wina ndi cassette. Pa freewheel, mabelingi a mbali ya tcheni amakhala mkati kwambiri, ndiye chigawo chachitali cha ekiselo chimatsala chopanda chochichirikiza, munthu wolemera akagunda bampu chimapindika kapena kuthyoka kumene. Ndi zimene zinandichitikira ine. Pa cassette mabelingi ali chakunja, ekiselo imagwiridwa bwino. Njira yachidule yodziwira: magiya a kumbuyo akakhala 6 kapena 7, kawirikawiri ndi freewheel, akakhala 9, 10 kupita m'mwamba ndi cassette. Funsani wogulitsa, akapanda kudziwa mutenge chithunzi munditumizire.

Ndipo apa kwathu tili ndi mwayi umene anzathu kuno alibe. Taganizani a kabaza, kapena anyamata otsika ndi matumba a makala m'mawa. Njinga zawo zimanyamula katundu woposa inu, tsiku ndi tsiku. Njinga ya Buffalo ija keliyala yake yokha inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 100. Chinsinsi chake ndi masipoko ochindikala, ambiri, ndiponso okokedwa mofanana. Amisiri okonza njinga pamsika ntchito imeneyi ndi yawo, kumanga gudumu amaidziwa kuposa ambiri a m'mashopu a kuno. Ndiye mukangogula njinga, musanaikwere ulendo wautali, mupite nayo kwa mmisiri amene a kabaza amamukhulupirira, akunge masipoko onse mofanana. Pakatha milungu iwiri kapena itatu mubwererenso, chifukwa gudumu latsopano limayamba lakhwefuka. Sipoko imathyoka chifukwa chokhwefuka, osati chifukwa chokungika. Kandalama kake ndi kochepa, koma kapulumutsa gudumu.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji osangogula Buffalo yomweyo. Yolimba ndi yolimbadi, koma imalemera kupitirira makilogalamu 20, ndipo imene timaiona kwambiri ilibe magiya. Pa chitunda cha ku Zomba muziikankha, mawondo omwe tikuwatetezawo ndi kupwetekanso.

Tibwere ku mabuleki. Ndikudziwa kuti mtima wanu uli kuphiri, mukufuna tsiku lina mudzakwere mpaka ku Ku Chawe, mudzaone damu la Mulunguzi muli panjinga. Kukwera mudzakwera. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kutsika. Msewu umene uja ndi wokhotakhota, wotsetsereka mtunda wautali, ndipo thupi lolemera limatenthetsa mabuleki. Mupeze ya mabuleki a disiki. Madisiki ambiri amabwera a mamilimita 160. Kutsogolo inu muike wa 180, pamafunika kachitsulo kakang'ono kosunthira buleki, sikodula, bola foloko yake ikhale yolola. Mabuleki a mafuta, monga Shimano MT200, amagwira mwamphamvu ndi chala chimodzi kapena ziwiri, ndipo savutavuta. Koma chonde, munthu asadzathiremo mafuta a mabuleki a galimoto. A Shimano amafuna mineral oil, mafuta a galimoto amadya timalabala ta mkati, buleki n'kufa. Mukapeza ya disiki ya waya, nayonso ndi yotheka, ubwino wake mmisiri aliyense aikonza, kungoti imafuna dzanja lamphamvu.

Za shoko ya kutsogolo ndinene mwachidule. Zotchipa zambiri, ngati SR Suntour XCT, mkati muli sipuling'i yopangira munthu wa thupi lapakatikati. Inu mukangokhala imamira kwambiri. Za mpweya, monga RockShox Recon, mumapopa molingana ndi thupi lanu, kuti mukakhala imire pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Zimenezo ndi zabwino koma zimakweza mtengo, ndipo zimafuna kapampu kakekake. Ndalama ikachepa musadandaule nazo. Mutenge ya sipuling'i yokhala ndi kotsekera, kapena ngakhale foloko wamba ya chitsulo yopanda shoko. Pa misewu ya fumbi tayala lalikulu limagwira ntchito ya shoko mokwanira.

Matayala akhale otambalala, mainchesi 2.2 mpaka 2.4. Mpweya muyambire cha pa 35 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) kumbuyo, kutsogolo 30, kenako muzisintha mukamamva mmene ikuyendera, osapitirira nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala. Mpweya ukachepa, mukagunda mwala limu imatsina chubu, pamabooka timabowo tiwiri ngati yalumidwa ndi njoka. Za kukula kwa gudumu, kuno aliyense akuthamangira la mainchesi 29. Koma inu muli ku Zomba. Tayala ndi chubu za 26 mumazipeza pamsika uliwonse, za 29 mwina mpaka ku Blantyre kapena kundidikira ine. Ndipo gudumu laling'ono, masipoko ake pokhala afupiafupi, limalimba bwino. Ndiye mukapeza njinga ya kaunjika ya 26, ya Giant, Trek kapena Specialized, yakale koma yosamalika, musainyoze. Imeneyo imaposa yatsopano yonyezimira ya dzina losadziwika.

Pogula ya kaunjika muipukute ndi kansalu, muyang'ane mowotcherera monse, makamaka pakhosi kutsogolo ndi pamene pamalowa chitsulo cha chishalo. Mukaona mng'alu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, musiyeni nayo mwini wake. Felemu ya aluminiyamu ikang'aluka musadalire zoti akawotcherera. Saizi imayendera msinkhu, osati kunenepa; inu ndi msinkhu wanu uja ndikuona Large, koma muikwere kaye. Chitsulo cha chishalo chili ndi mzere wosonyeza polekezera, musachikweze kupitirira pamenepo, chifukwa kwa munthu wolemera ndi pomwe felemu imang'alukira. Magiya musatengeke ndi kuchuluka kwake. Chofunika ndi giya yofewa kwambiri yokwerera chitunda, kumbuyo kukhale lalikulu la mano 34 kapena kuposa, kuti miyendo izizungulira mopepuka osati kukankha ndi mawondo.

Tsopano za ndalama. Mtengo weniweni muuone kumeneko, chifukwa kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimangosinthasintha mtengo. Koma kagawidwe kake ndikuuzani. Ndalama imene mwasungayo muigawe magawo 10. Magawo 7 ndi a njinga, osapitirira, ngakhale wogulitsa akunyengerereni bwanji. Gawo limodzi ndi la gudumu la kumbuyo, kaya kukunga masipoko, kaya kugula limu ndi masipoko atsopano kuti mmisiri amange lina. Gawo lina ndi la helimeti, pampu, machubu awiri, zomatira, loko, magetsi, mafuta a tcheni, ndi mapedulo a chitsulo ngati yabwera ndi a pulasitiki, chifukwa a pulasitiki amasweka mukaimirira. Gawo lotsala muliike padera, musalikhudze. Miyezi itatu yoyamba china chake chidzafuna ndalama, mwina mapadi a mabuleki, mwina tcheni, popeza ife timamaliza zimenezi msanga kuposa anzathu opepuka. Njinga zambiri zimene zaimikidwa kuseri kwa nyumba zinaima chifukwa mwini wake anathera ndalama yonse pogula, kanthu kakang'ono katawonongeka n'kusowa pogwira.

Helimeti yokha musagule yakale, simudziwa ngati inagundapo. Kabudula wokwerera njinga, wokhala ndi siponji pokhalira, ndikugulirani ine kuno, ndidzapatsira munthu wobwera pa basi. Chishalo chachikulu chofewa ngati mpando chimaoneka chabwino, koma ulendo ukatalika chimakhula ntchafu. Sabata ziwiri zoyamba kukhala kumapweteka kwa wina aliyense, kenako thupi limazolowera.

Mwafunsanso ngati ndingakugulireni kuno. Zotheka, kuno zogwiritsidwapo kale ntchito za Silverback ndi Titan zimapezeka zambiri. Koma muwerengere ya basi ndi msonkho pa Mwanza, komanso simukhala mutaikwera. Ndiye yambani mwazungulira ku Limbe ndi ku Blantyre, zikakanika tidzaone za kuno.

Alamu, ndamva nkhawa yanu ija ya BP ndi magalimoto, ndipo ndi yomveka. Achimwene, adokotala aja muwauze kuti mwasankha njinga, akuuzeni poyambira, ndipo mankhwala musasiye. Muyambe mphindi 20 kapena 30, malo athyathyathya, mbali ya ku Chilwa uko njira ya ku Kachulu, m'mawa dzuwa lisanatenthe. Muzipalasa moti mukhoza kulankhula osabanika. Mukamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, imani pomwepo. Msewu waukulu wa ku Blantyre uja, ndi maminibasi aja, muupewe kaye. Phiri lidikire miyezi ingapo.

Loweruka mukapita ku Limbe, njinga iliyonse imene yakusangalatsani muijambule kanayi: yonse chammbali, magiya a kumbuyo pafupi, disiki ya kutsogolo, ndi pakhosi powotcherera paja. Masipoko muwerenge nokha mundiuze nambala. Foni ndikhala nayo m'manja kuyambira 9 koloko, musapereke ndalama tisanalankhulane. Mupereke moni kwa ana.