Tibukitse zodyera kaye kapena tisankhe mapaki? Yankho kwa mayi a ku Leeds

Mayi ena omwe amakhala ku Leeds, ku UK, anditumizira imelo sabata yatha. Akuti banja lawo likupita ku Walt Disney World, malo a mapaki a zisangalalo ku Orlando, Florida, ku America, mu Ogasiti ana akatsekera sukulu, afika pa 12, agona masiku 10 ku hotela ya Art of Animation. Ali anthu 6: iwo, bambo akunyumba, ana atatu a zaka 2, 7 ndi 11, komanso agogo, mayi awo owabereka. Funso lawo ndi ili: "Aliyense akundiuza kuti ndibukitse malo odyera miyezi iwiri tisananyamuke koma bambo akuti tikazionera komweko. Ndiyambire pati, kusankha paki ya tsiku lililonse kapena malesitilanti? Mutu wandizungulira."

Mayi, yambani ndi mapaki. Zodyerazo zizitsatira pambuyo, ndipo musadutse tebulo imodzi yobukitsa pa tsiku, masiku ena olo osabukitsa n'komwe. Bambo sakulakwa kwenikweni, njala simungafe nayo kumeneko chifukwa malo ogula chakudya pa kauntala ali ponseponse, koma pali malesitilanti angapo oti mukangofika pakhomo muli anthu 6 mu Ogasiti akubwezani, ndiye ngati alipo amene ana akuwalakalaka amenewo ndi ofunika kuwagwira msanga.

Chifukwa chomwe ndikunenera kuti mapaki kaye ndi kukula kwa malowa. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi bwalo limodzi lokhala ndi geti imodzi, ayi ndithu. Ndi mapaki anayi otalikirana, Magic Kingdom yomwe inatsegulidwa mu 1971, EPCOT, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom, ndipo kuchoka kwina kupita kwina ndi ulendo wa basi, monorail, boti kapena Skyliner, timabokosi tija toyenda pa chingwe m'mwamba. A Disney eni ake amalangiza kuti muzipatula mpaka ola ndi theka popita kumalo odyera pa transipoti yawo. Tsono taganizani mwabukitsa nkhomaliro ku EPCOT 1 koloko pomwe m'mawa muli ku Animal Kingdom, muli ndi pram, mwana wa zaka 2 wagona, agogo miyendo yayamba kuwawa, dzuwa lili pamutu, mudzapezeka kuti theka la tsiku lathera pa siteji ya basi chifukwa cha mbale imodzi ya chakudya. Matikiti a masiku 14 omwe amagulitsa ku UK amalola kudumpha mapaki tsiku lomwelo, zoona, koma kuloledwa sikutanthauza kuti muzichita tsiku ndi tsiku.

Ndiye tengani pepala, lembani masiku onse 10, kutsogolo kwa tsiku lililonse paki imodzi. Magic Kingdom ipatseni masiku awiri chifukwa ndi komwe kuli zambiri zoti wa zaka 2 ndi wa zaka 7 akwere. Koma musanalembe onani kalendala yawo, chifukwa kuyambira mu Ogasiti momwemo amayamba mapate a Halloween usiku wina ndi wina, ndipo masiku amenewo paki imatsekedwa 6 koloko madzulo kwa amene alibe tikiti yapadera ya pateyo, fireworks za masiku onse zija simuziona. Tsiku limodzi mwa awiriwo likhale losakhala la pate kuti ana aone fireworks, linalo litha kukhala la pate bwinobwino, masana ake anthu amachepako ndipo madzulo mukapuma. Animal Kingdom imatseka msanga kuposa anzake, ndi paki ya m'mawa. Hollywood Studios ndi ya mwana wamkuluyo kwambiri. EPCOT ndi yoyenda wapansi kwambiri, mbali ya World Showcase ili ndi malo oyimira mayiko 11 kuzungulira nyanja, ndiye agogo muwabwerekere wilitcheya pa geti, amabwereketsa, ndipo musadikire kuti adandaule kaye chifukwa makolo athu sanena, amangopirira mpaka mawa lake alephere kudzuka.

Ndipo chonde siyani masiku awiri opanda paki, limodzi pambuyo pa masiku atatu oyamba. Ndikudziwa ndalama zomwe mwalipira zikukuuzani kuti tsiku lililonse lisapite pachabe koma Ogasiti wa ku Florida ndi wotentha mwa chinyontho, thukuta silikuuma, ndipo masana ambiri kumabwera mvula ya mabingu. Ana akatopa zonse zimaipa. Tsiku lopumalo asambire pa hotela, madzulo mupite ku Disney Springs, dera la mashopu ndi malesitilanti komwe kulowa ndi ulere.

Chinthu china chomwe chikuthandizeni ndi kusiyana kwa nthawi. Florida ili m'mbuyo ndi maola 5 poyerekeza ndi UK, ndiye masiku oyamba ana adzakhala akudzuka kusanache, maso ali gwa. Gwiritsani ntchito zimenezo, ogona m'mahotela a Disney amalowa m'paki mphindi 30 anthu ena asanalowe, ndipo maola awiri oyambawo mumakwera zambiri kuposa masana onse. Koma zikutanthauzanso kuti masiku awiri atatu oyamba musabukitse mgonero wa 8 koloko usiku, ana adzagona pa tebulo inu mutalipira kale.

Tsopano zobukitsa. Mabuking'i amatsegulidwa masiku 60 tsiku lisanafike, ndipo inu poti mukugona mu hotela ya Disney muli ndi mwayi, pa tsiku la 60 musanafike mutha kubukitsa za ulendo wonse mpaka masiku 10 kamodzi. Kwa inu ofika pa 12 Ogasiti tsiku limenelo ndi 13 Juni. Pa intaneti zimatseguka cha m'ma 6 koloko m'mawa nthawi ya ku Florida, kwanuko ndi cha m'ma 11 koloko, ndiye khalani okonzeka isanakwane 11, mutalowa kale mu app ya My Disney Experience, buking'i ya hotela mutailumikiza, kadi ya kubanki mutaisunga momwemo. Yambani ndi malo ovuta kupeza osati kutsata masiku, ndipo malo ovutawo muwaike chakumapeto kwa ulendo chifukwa masiku amenewo anthu ambiri amakhala asanaloledwe kubukitsa. Mwana wa zaka 2 mumuwerengere pa chiwerengero ngakhale salipira, tebulo ndi ya anthu 6. Ya 6 ikasowa yesani 4 ndi 2 kapena 3 ndi 3 pa nthawi zoyandikana, bambo abukitse inayo pa akaunti yawo, mukafika mupemphe kuti akuikeni pafupi, nthawi zambiri amayesetsa ngakhale salonjeza.

Malo omwe amatha msanga ndi monga Cinderella's Royal Table mkati mwa nyumba yachifumu ija ku Magic Kingdom, Space 220 ku EPCOT, Sci-Fi Dine-In ku Hollywood Studios komwe mumadyera m'timagalimoto, Chef Mickey's, 'Ohana ndi kadzutsa wa ku Topolino's Terrace, atatu omalizawa ali m'mahotela a Disney. Ine maganizo anga ndi akuti pa masiku 10 matebulo anayi kapena asanu akukwanirani. Kamodzi kudya komwe Mickey ndi anzake amabwera patebulo kudzajambulitsa ndi ana, ndipo pa zimenezi ndimakonda Tusker House ku Animal Kingdom chifukwa ili mkati mwa paki simuyendanso ulendo wina, ndipo sivuta kupeza ngati Chef Mickey's. Cinderella's Royal Table mumalipiriratu zonse pobukitsa ndipo ndi yodula, mutenge pokhapokha ngati wa zaka 7 uja mtima wake uli pomwepo, osati chifukwa choti aliyense pa Facebook akupitako.

Pa tsiku limodzi lopuma lija agogo apititseni ku hotela ya Animal Kingdom Lodge. Kuli Boma, buffet ya zakudya za ku Africa komwe pa kadzutsa amaika pap ndi chakalaka, si nsima yathu yeniyeni koma pambuyo pa masiku angapo a mabaga ndi tchipisi mudzaona nkhope yawo ikusintha. Kulinso Sanaa mbali ya Kidani Village komwe mukudya mukuona mbidzi ndi akadyansonga pawindo, kumeneko bukitsani masana kukuwala. Dziwani kuti palibe basi yochoka hotela kupita hotela ina, mumadutsira pa paki kapena Disney Springs, ndiye kwa anthu 6 takisi yaikulu ndi yabwino, mufunsiretu za mpando wa mwana.

Nthawi yobukitsa nkhomaliro m'paki ikhale pakati pa 1 ndi 3 koloko. Ndi nthawi yomwe kunja kwatentha kwambiri, mizere yatalika, mvula ikuwopseza, inu muli pansi m'nyumba yozizira ola lathunthu ndi theka. Tebulo ya 10 koloko m'mawa mkati mwa paki imakudyerani nthawi yabwino yokwera zinthu. Masiku opanda tebulo muziodela chakudya pa foni kudzera mu app yomweyo, mumasankha nthawi yokatenga, osaima pa mzere. Madzi ozizira a m'kapu amapereka ulere pa makauntala mukapempha, ndipo amalola kulowa ndi chakudya chanu bola musakhale mabotolo a galasi kapena mowa, ndiye buledi, zipatso, mtedza, mazira owiritsa m'chikwama sizochititsa manyazi, mabanja ambiri amachita.

Za ndalama ndinene mosabisa chifukwa apa ndi pomwe bajeti imaphulika. Kwa Disney mwana wa zaka 10 ndi wamkulu, ndiye wanu wa 11 pa buffet alipira mtengo wa bambo ake olo adye nkhuku ziwiri zokha ndi ayisikilimu. Mtengo wa ana ndi wa zaka 3 mpaka 9, wosakwana zaka 3 salipira geti ndipo pa buffet amadya nawo ulere. Mitengo yolembedwa ilibe msonkho, ndipo gulu la anthu 6 kupita m'mwamba amakuikiranitu tipu ya 18% pa bilu, ndiye muziyang'ana lisiti musanawonjezere ina. Mukabukitsa osapita osakansela amadula madola 10 pa munthu aliyense pa kadi yanu, malo ambiri amalola kukansela mpaka maola awiri nthawi isanakwane koma werengani zomwe alemba pa buking'i iliyonse poti ena ali ndi malamulo awo.

Ngati pa 13 Juni mwaphonya malo omwe mumafuna musataye mtima, anthu amagwira matebulo ambiri kenako n'kumasiya ulendo ukayandikira, ndiye muzisuzumira mu app makamaka sabata yomaliza ndi usiku woti mawa ndi tsikulo.

Lightning Lane, yolipira kuti mudutse mzere waufupi, mudzabukitsa masiku 7 musanafike poti muli pa hotela yawo, ndipo apa mpamene pepala lanu la mapaki lidzagwirenso ntchito chifukwa mumasankha paki ndi nthawi, muonetsetse kuti sizikuwombana ndi tebulo. Muyezeni msinkhu wa zaka 7 uja atavala nsapato musanamulonjeze chilichonse: zokwera za Seven Dwarfs Mine Train ndi Slinky Dog Dash zimafuna masentimita 97, Space Mountain ndi Flight of Passage 112, TRON 122. Kwa wamng'onoyo kuli Rider Switch, wamkulu mmodzi amatsala naye wina akukwera kenako mumasinthana osaimanso mzere wonse, zimenezi zithandiza kuti agogo asasanduke olera mwana holide yonse, nawonso abwera kudzasangalala.

Simunanene za mapasipoti ndiye ndingokumbutsa. A pasipoti ya Britain amafunika ESTA, chilolezo cholowera ku America chofunsira pa intaneti, aliyense yake ngakhale khanda. Ngati agogo ali ndi pasipoti ya Malawi nkhani yake ndi ya visa, ndipo malamulo a America kwa Amalawi anakhwima kuyambira mu 2025, ndiye zimenezo mutsimikize ndi a embasy musanalipire china chilichonse chosabwezedwa ndalama.

Bambo muwaonetse pepalalo likadali ndi mapaki okha, asankhe nawo tsiku lopuma ndi lesitilanti imodzi yomwe iwo akufuna, ana akuluwo asankhenso imodzi imodzi. Mukatero mundilembere masiku momwe mwawayalira ndi malo omwe mwasankha isanafike 13 Juni, ndidzakuuzani oyamba kubukitsa.