Kamera ya 360 ya kuphiri, panjinga ndi kunyanja: ndigule iti?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa wowerenga wathu wa ku Mulanje, ndipo ndiifupikitsa. Akuti amaperekeza alendo okwera phiri, Loweruka amatchova njinga ndi anzake m'minda ya tiyi, ndipo mwa apo ndi apo amatsikira ku Cape Maclear. Wasonkhanitsa kandalama, mchemwali wake wa ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi, ndiye akufuna amugulire kamera yojambula mbali zonse, ija timangoti ya 360. Mutu waima pakati pa Insta360 X4, Insta360 X5, GoPro Max 2 ndi DJI Osmo 360. Kumapeto akuwonjezera kuti: "Ndizijambulirakonso mpira wa timu yakwathu kuno."

Achimwene, ndiyambe ndi za mpirazo chifukwa yankho lake ndi lalifupi: musayerekeze. Kamera imeneyi ili ndi malenzi awiri opatsana misana, lililonse limaona kupitirira pang'ono theka la dziko, kenako pulogalamu imasoka zithunzi ziwirizo kukhala chimodzi chozungulira. Akamalemba pabokosi kuti 8K, akutanthauza timadontho 7680 m'mbali, koma timadontho timeneto tagawidwa kuzungulira bwalo lonse, kutsogolo, kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Inu mukamakonza kanema mumadulako chigawo chimodzi chokha, tinene gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye mumatsala ndi 1920. Pa kamera ya 5.7K, monga Insta360 X3 ya 2022, mumatsala ndi 1440. Izi n'zokwanira pa chinthu chimene chili pafupi nanu. Koma wosewera amene ali tsidya lina la bwalo amaoneka ngati nyerere, ndipo mukati mumukokere pafupi, chithunzi chimangosungunuka. Mpira wa m'mbali mwa bwalo umafuna kamera yokoka zakutali yoikidwa pa miyendo itatu. Ngakhale foni yabwino ingakugwirireni ntchito imeneyo kuposa 360.

Kuphiri ndi panjinga nkhani ndi ina. Mukamakwera ku Sapitwa, pa mamita 3002 paja, pali malo amene manja onse awiri amakhala pa mwala, maso ali pa mlendo amene miyendo yayamba kumunjenjemera. Simungamaloze kamera nthawi imeneyo. Ya 360 mumangoimangirira pa ndodo yake, ndodoyo n'kuisomeka m'chikwama cha kumsana, basi muiwale. Madzulo ndi pamene mumasankha kuti pano tione nkhope ya mlendo, apa tione phompho, apo tione mitambo ili pansi pathu. Ndodo ija siioneka m'kanema chifukwa imagwera pamsoko wa malenzi awiri aja, ndiye anthu amaona ngati panali kandege kokutsatirani. Kanema mmodzi yemweyo mungadulemo woimirira wa pa TikTok kapena pa status ya WhatsApp, n'kudulamonso wogona wa pa YouTube. Kwa munthu wojambula yekha, wopanda mnzake womugwirira kamera, palibe china chimene chingafanane ndi zimenezi.

Tsopano pa funso lanu lenileni. Makamera anayi mwatchulawo onse amajambula 8K, ndiye nambala imeneyo isakuzunguzeni mutu. Ine chimene ndingayang'ane poyamba ndi lenzi. Malenzi a 360 ndi otumphuka, ali kunja mbali zonse ziwiri, moti palibe mbali imene mungaigonekere pansi. Mukaisiya pa mwala kuti mumwe madzi, yakalika. Ndodo ikagunda nthambi mukutsika ndi njinga, yakalika. Mukapukuta fumbi la mwezi wa September ndi m'mphepete mwa malaya, timchenga tija timasiya timizere. Ndipo kachipsera kamodzi kamaoneka m'kanema aliyense amene mudzajambule kuyambira tsiku limenelo, makamaka dzuwa likawomba molunjika.

Munthu wa ku London kapena ku Shenzhen, kumene Insta360 ndi DJI zili, angatumize kamera kukakonzetsa n'kuilandira posachedwa. Inu muli ku Chitakale. Kuitumiza kunja, kudikira, kulipira mtengatenga uku ndi uku, mwina kukambirananso za msonkho ikamabwerera, ndalama yake ingafike poti bola kugula ina. N'chifukwa chake X5, imene inatuluka mu April 2025, ndi Max 2 ya September chaka chomwecho, ndimaziika patsogolo: lenzi lake mumachotsa nokha pakhomo n'kuikapo latsopano. Pa Max 2 mumangopotokola ndi dzanja, pa X5 pali kachipangizo kake kochotsera. X4 ya 2024 ilibe mwayi umenewo, imadalira timagalasi toteteza tovala pamwamba. Timathandiza ndithu, koma tikalowa fumbi kapena nthunzi mkati, kapena dzuwa likatiwomba, chithunzi chimachita chimbuuzi. Osmo 360 nayonso inabwera ndi malenzi osasinthika pakhomo, ndipo kwa munthu wa m'miyala ngati inu chimenecho ndi chilema chachikulu, ngakhale kamerayo ili yabwino pa zina.

Zina zake ndi ziti? Kuwala kukachepa. Mukudziwa nokha kuti ulendo wa ku Sapitwa umayamba kusanache bwinobwino, kuti m'nkhalango za m'zigwa mumakhala mthunzi masana omwe, ndipo chiperoni chikatsika tsiku lonse limakhala lotuwa. Apa chimene chimalamula ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala kumbuyo kwa lenzi. X3 ndi X4 zili ndi ya 1/2 inchi, yaing'ono, ndipo kukada chithunzi chimadzaza timadontho tothwanima, mukamayenda n'kumaoneka ngati chikunjenjemera. X5 ili ndi ya 1/1.28, Osmo 360 ya 1/1.1, zonse zazikulu kuposa ya X4, ziwirizi ndiye zimapirira mdima. Max 2 ndi kamera ya padzuwa: masana mitundu yake imakongola, koma madzulo m'nyumba yogonamo ya kuphiri, anthu atazungulira moto, imatsalira kumbuyo kwa ziwiri zija. Mukaphatikiza ziwirizi, lenzi losinthika ndi kupirira mdima, imene ili nazo zonse ndi X5 yokha.

Za kunyanja ndikuchenjezeni. Pabokosi alemba kuti X4 ndi Osmo 360 zimalowa m'madzi mpaka mamita 10, X5 mpaka 15. Zimenezo zikungonena kuti madzi salowa mkati. Koma kuwala kumapindika m'madzi, lenzi lililonse limaona mochepa kuposa pamtunda, ndiye msoko uja sukumananso. Mbuna ikamadutsa pamsokopo imaduka pakati kapena kuzimiririka. Kuti mujambule bwino pansi pa madzi pamafunika chibokosi chake chapadera cha galasi lozungulira, chogulidwa padera. Ngati za ku Thumbi ndi ku Otter Point, ku Cape Maclear kuja, n'za kamodzi pachaka, jambulani pabwato ndi pamwamba pa madzi, zimatuluka bwino kwambiri. Zikanakhala kuti nsombazo ndiye ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, ndikanati siyani 360, gulani kamera wamba ya masewera ngati DJI Osmo Action 5 Pro, imene imatsika mamita 20 popanda chibokosi.

Koma pali chinthu chimene simunatchule m'kalata yanu, ndipo ndi chimene chimagonetsa makamera ambiri otere m'madirowa: foni yanu ndi yotani? Kanema wa 360 satuluka m'kamera ali wokonzeka. Aliyense amafuna kukhalira pansi, kusankha koyang'ana, kenako kudikira foni imuphike. Mafoni otsika mtengo amene ambirife tili nawo amatentha, amakakamira, ena amakana n'kutsegula komwe fayilo ya 8K. Musanauze mchemwali kanthu, tsitsani app ya Insta360, kapena Quik ya GoPro, kapena DJI Mimo, zonse n'zaulere, muone ngati foni yanu ili pamndandanda wa mafoni amene amagwirizana nazo. Ngati muli ndi laputopu yamphamvuko, Insta360 Studio nayonso ndi yaulere ndipo imapepukitsa ntchito. Kwa ine, pulogalamu ya Insta360 ndi imene yakhwima kuposa zinzake, mwina chifukwa kampaniyi yakhala pa makamera a 360 kuyambira pamene inakhazikitsidwa mu 2015, pamene DJI inalowa mu 2025 ndipo GoPro inakhala kuyambira 2019 osatulutsa m'badwo watsopano wa Max. Foni ikakhala yofooka ndipo laputopu palibe, gawani ndalamayo: X3 kapena X4 yogwiritsidwapo kale, yotsalayo ipite ku foni.

Mafayilo akenso ndi akuluakulu. X4 ikamajambula 8K pamlingo wapamwamba imadya pafupifupi 1.5 GB pa mphindi imodzi, ndiye khadi ya 128 GB siifika ola ndi theka. Khadiyo ikhale yolembedwa V30, chizindikiro choti imasunga kanema mwachangu, yogulidwa m'sitolo yodziwika. Makhadi a pamsika aja olembedwa 256 GB pamtengo wa mbale ya chipisi amasiya kujambula pakati pa ulendo, kapena amakusonyezani fayilo yosatseguka mutafika kale kunyumba. Apa Osmo 360 ili ndi mwayi wake, ili ndi malo osungira a 105 GB m'kati mwake. Ndipo musamaganize zokweza mafayilo osakonza pa intaneti ndi bandulo ya pafoni. Hard drive yapadera ndi yofunika.

Batire: kampani imati X4 imatha mphindi 135 pa 5.7K, koma pa 8K zimatsika kwambiri, ndipo kuzizira kwa pamwamba pa phiri mu June ndi July kumadyanso kwina. Ulendo wa masiku atatu wogona m'nyumba za kuphiri, kopanda potchajira, umafuna mabatire awiri owonjezera ndi power bank. Kutentha kwa October nakonso kuli ndi vuto lake. Kamera ikaima malo amodzi padzuwa ikujambula 8K imatha kudzizimitsa yokha, pamene panjinga mphepo imaiziziritsa. Ine masiku ambiri ndingajambule 5.7K pa mafelemu 60, ndiye kuti zithunzi 60 pa sekondi, chifukwa liwiro la njinga limaoneka losalala ndipo khadi imakhalitsa. 8K ndingaisungire malo okongola amene mwaima n'kupuma.

Mitengo potuluka inali pafupifupi madola 500 pa X4 ndi Max 2, ndi 550 pa X5. Kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi mtengo wa lenzi limodzi losweka, ndiye ngati foni yanu yapambana mayeso aja, auzeni achemwali agule X5. Pamndandanda wawo alembepo ndodo yosaoneka ija, khadi ya V30, mabatire awiri, kachipewa ka labala kophimba malenzi, ndi lenzi limodzi losinthira, chifukwa kuno simudzalipeza tsiku limene mwalifuna. Ngati akubwera pandege, mabatire owonjezerawo akhale m'chikwama cha m'manja, saloledwa m'katundu wa pansi. Lisiti asunge, adzalifuna pokambirana ndi a MRA polowa.

Mukasankha yogwiritsidwapo kale, achemwali awunike malenzi onse awiri ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali, ajambule thambo loyera kwa mphindi imodzi akuzungulira pang'onopang'ono, kenako akutumizireni kanemayo muone ngati pali kadontho kosasuntha kapena msoko wokhota. Atsegulenso kachitseko ka batire aone ngati labala wake sanang'ambike, popeza ndi amene amatchinga madzi.