Ku Yerusalemu akuonetsa manda a Yesu awiri: enieni ndi ati?

Funso: Amayi a kumpingo kwathu tikukonzekera ulendo wa ku Yerusalemu. Pandandanda wa malo okaona alembapo manda a Yesu awiri. Kodi sakufuna kungotidyera ndalama?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, palibe akukuberani. Malo onse awiri alipodi, ndipo kulowa n'kwaulere. Koma pa umboni wa mbiri sakulingana.

Oyamba ali m'tchalitchi cha Holy Sepulchre, mumzinda wakale. Ambiri akafika amagwa mphwayi, chifukwa Aheberi 13:12 amati Yesu anazunzikira kunja kwa chipata, pamene tchalitchichi chazunguliridwa ndi mashopu. Chinachitika n'chakuti mzinda ndiwo unakula. M'masiku a Yesu pamalopa panali chigwembe chakale chokumbamo miyala, kunja kwa linga, ndipo m'mathanthwe ake anthu ankasemamo manda. Ena mwa mandawo akadalipo, mungawaone mukasuzumira m'kachipinda kakuda kamene Akhristu a mpingo wa Asiriya amapemphereramo. Patangopita zaka pafupifupi 10 Yesu atapachikidwa, Herode Agripa anayamba kumanga linga lina limene linalowetsa malowa m'kati. Cha m'ma 135 mfumu ya Aroma Hadrian inawakwirira n'kumangapo kachisi wa mafano. Constantine, mfumu ina ya Aroma, anagwetsa kachisiyo, ndipo tchalitchi chinapatulidwa mu 335.

Achiwiri, otchedwa Garden Tomb (Manda a M'munda), ali kumpoto kwa chipata cha Damasiko, pafupi ndi depoti ya mabasi. Anapezeka mu 1867, ndipo anatchuka kuyambira mu 1883 msilikali wa ku Britain, Charles Gordon, atanena kuti thanthwe la pambali pake likufanana ndi chigaza, pakuti dzina loti Gologota limatanthauza malo a chigaza. Vuto ndi kasemedwe kake. Akatswiri ofukula zakale amati ndi ka zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, pamene Yohane 19:41 akunena za manda atsopano, osaikidwamo munthu. Ife tikuti umboni walemera ku Holy Sepulchre. Komabe kumundako pitani ndithu: kuli maluwa, mabenchi ndi bata, ndipo gulu likhoza kuimba ndi kudya Mgonero ngati linasungitsiratu malo. Musakuikeko Lamlungu, amatseka.

Ku Holy Sepulchre lawirirani, 6 koloko m'mawa ikupezeni muli pakhomo. Dzuwa likakwera, mzere wolowera m'kanyumba ka manda umatha kupitirira ola, ndipo mumalowa atatu kapena anayi, kugwada pang'ono, wansembe n'kukutulutsani. Pemphero lalitali mupemphereretu pamzere. Masitepe okwerera ku Gologota ali kudzanja lamanja mukangolowa. Ndi otsetsereka komanso oterera, choncho agogo agwiridwe dzanja. Mapewa ndi mawondo zisaonekere. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhaniyi.

Funso: Ndikufuna kukabatizidwa pamalo penipeni pamene Yohane anabatizira Yesu. Mtsinje wa Yordano ndi wautali, ndipite pati?
Bambo wa ku Chipata

Yankho: Bambo, funsani okonza ulendo kuti basi ikaima pati. Ambiri amatengera anthu ku Yardenit, pamene mtsinje ukutuluka m'nyanja ya Galileya. Malo amenewa anatsegulidwa mu 1981 kuti alendo azibatizidwirapo mosavuta, ndipo madzi ake ndi oyererapo, koma mwambo wakale suwatchula.

Yohane 1:28 akuti ku Betaniya, tsidya lija la Yordano. Akhristu akale ankalozera kumunsi, kufupi ndi Yeriko. Tsidya lakum'mawa, m'dziko la Jordan, ndi Al-Maghtas, malo amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wake wa malo ofunika a mbiri padziko lonse mu 2015. Lakumadzulo ndi Qasr al-Yahud. Musayembekezere mtsinje waukulu ngati Shire kapena Luangwa. Ndi kamtsinje ka mamita owerengeka, ka madzi amatope, chifukwa ambiri amapatutsidwira kuminda ndi m'mizinda kumtunda. Pakati pake ndi malire a mayiko ndipo asilikali amakhala maso, ndiye musapitirire chotchinga. Pomizidwa tsekani pakamwa, ndipo ngati muli ndi bala losapola, abusa angokuthirani madzi pamutu.