Iwo akuti mwatukuka, inu mukuti mwatopa

Mayi wina wandilembera imelo. Chithawireni nkhondo kwawo, ndi iwo amene akudyetsa banja ndi makina osokera, bambo angokhala, ndipo masiku ano sachedwa kupsa mtima. Akufunsa ngati kumeneku ndiye kutukuka kwa amayi komwe amabungwe amanena.

Mayi, mwandigunda pachilonda. Ndinagwirako ntchito yomasulira pa kampu ina ya anthu othawa kwawo. Kunkabwera alendo ndi makamera, ine n'kuima pakati. Mayi akati, "Ndimadzuka kusanache kukaima pamzere wa madzi, kuchoka apo wa chakudya, kenako kumsika," alendo ankalemba mokondwa kuti mayiyu tsopano ndi mutu wa banja. Palibe ankafunsa kuti akabwerako amaphika ndani, amachapa ndani, mwana akadwala usiku amadzuka ndani. Ndinkamasulira ndithu, koma kukhosi sikunali mbee ayi. Tsiku lina mayi wina anandinong'oneza kuti, "Auzeni ndikufuna kugona basi." Ndinawauza, iwo anaseka poyesa nthabwala.

Sindikunyoza zonse. Mu 2001 bungwe la UNHCR, loona za anthu othawa kwawo pansi pa United Nations, linalonjeza kuti mayi azilembetsedwa payekha, ndiponso kuti theka la mipando m'makomiti a m'makampu likhale la amayi. Khadi ya chakudya ikakhala m'dzina la mayi, ana amadya. Koma kusenza katundu wa anthu awiri si ufulu, ndipo apa sindisintha maganizo. Ku Ukraine mu 2022 amuna a zaka 18 mpaka 60 analetsedwa kutuluka m'dziko, amayi n'kuwoloka malire okha ndi ana. Kodi anasankha utsogoleri umenewo?

Nanga bamboyo? Kwawo anali ndi munda kapena ntchito, anthu ankamupatsa moni mwaulemu. M'makampu ambiri lamulo silimulola kulembedwa ntchito, ngakhale kutuluka popanda chilolezo. Kampu ya Kakuma ku Kenya inatsegulidwa mu 1992, ndipo ena analowamo ali anyamata, lero ali ndi imvi. Mkwiyo wa munthu wotere umagwera amene ali pafupi. Sindikumuikira kumbuyo: womenya mkazi ndi wolakwa, kaya ali ndi chisoni chotani. Chondinyansa n'chakuti maphunziro ambiri amaitanira amayi, bambo n'kumusiya pansi pa mtengo, kenako n'kumadabwa kuti m'nyumba mwavuta.

Uganda inachitako bwino. Lamulo lake la 2006 limalola othawa kwawo kugwira ntchito ndi kuyenda, ndipo ambiri amapatsidwa kamalo kolima. Mavuto alipo, koma mwamuna ndi mkazi onse ali ndi pogwira.

Ndiye mutani?

Mapepala anu ndi ndalama zina zikhale m'dzina lanu. Bambowo apatseni gawo lenileni pabizinesiyo, monga kukagula nsalu kapena kusaka makasitomala. Akakweza dzanja, musadikire kachiwiri, kanenani kwa oona za chitetezo cha amayi pakampupo.