Mlamu, za kumuyeza mwana penicillin zija

Mlamu, ndamva funso lanu, ndati ndingoyankha ndi mawu. Mukuti adokotala akufuna kumuyeza mwana ngati thupi lake limadanadi ndi penicillin, pomwe m'buku lake analemba kale kuti asamapatsidwe. Ine ndikuti vomerani ndithu.

Mwati anatuluka zidzolo ali ndi zaka 2, patapita masiku akumwa amoxicillin, amene ndi mtundu wa penicillin, eti? Ana ambiri zimawachitikira choncho. Mwana amakhala ndi matenda a vairasi, vairasiyo n'kumutulutsa zidzolo, koma poti nthawi yomweyo akumwa mankhwala, mlandu umagwera mankhwalawo. Zikalembedwa m'buku, basi, amakula nazo. Koma mwa anthu 10 olembedwa choncho, akawayeza, pafupifupi 9 amapezeka kuti amamwa bwinobwino. Kutsegula m'mimba kapena nseru si ziwengo ayi. Komanso zoti achimwene sayanjana nawo sizitanthauza kuti mwananso ndi choncho.

Kayezedwe kake si kovuta. Ayamba akufunsani bwino: zidzolo zinali zotani, zinabwera patapita nthawi yaitali bwanji, anatupa kapena ayi. Akaona kuti zinali zazing'ono, amamupatsa amoxicillin wakumwa komweko kuchipatala, n'kumuyang'anira pafupifupi ola limodzi, jakisoni wa adrenaline, wothandiza thupi likadana ndi mankhwala mwadzidzidzi, ali pafupi. Nthawi zambiri safunika n'komwe kumubaya pakhungu.

Koma apa mumvetsetse, mlamu. Ngati tsiku lija anatupa milomo kapena nkhope, kubanika, kukomoka atangomwa, kapena anatuluka matuza, khungu kusupuka, zilonda m'kamwa ndi m'maso, muwauze zonse osabisa. Ameneyo samuyeza mwanjira imeneyi, amamutumiza kwa katswiri. Ndipo chonde, musayese nokha kunyumba, ngakhale kadontho.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana wolembedwa molakwika amamanidwa mankhwala abwino kwambiri a khutu, zilonda zapakhosi ndi chibayo. Amapatsidwa ena amene amasokoneza m'mimba, nthawi zina osagwira bwino ntchito, komanso amachititsa tizilombo kuzolowera mankhwala. Tsiku lina adzadwala kwambiri, adokotala n'kukhala omangika manja pa chinthu chimene mwina kulibe.

Mupite naye ali bwino, osati akudwala. Mukabwerera kunyumba muzimuyang'ana khungu masiku angapo, chifukwa zidzolo zina zimachedwa. Akapezeka kuti alibe vuto, muwapemphe afufute m'bukumo ndi kulemba tsiku limene amuyeza, apo ayi kwina akamukanizanso. Mundiuze tsiku limene akupatsani.