The Producers: Ndiyambe Kuonera Iti, ya 1967 Kapena ya 2005?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Wapeza mafilimu awiri a dzina limodzi, The Producers, ndipo akufunsa ngati ya 2005 ndiyo yabwino popeza ili ndi nyimbo zambiri.

Achimwene, yambani ndi ya 1967.

Nkhani ndi imodzimodzi. Max Bialystock, wokonza zisudzo ku Broadway (dera la nyumba za zisudzo ku New York) amene zinthu zamuthina, ndi Leo Bloom, akauntanti wamantha, atulukira kuti sewero lolephera lingawalemeretse kuposa lopambana. Ukatolera ndalama zoposa zimene sewero likufuna, ndiye likagwa usiku woyamba, ndani adzabwere kudzafunsa phindu? Max akunyengerera agogo aakazi olemera, awiriwo akusankha sewero lonyansa lotamanda Hitler, koma oonera akulitenga ngati nthabwala, akulikonda. Zotsatira zake ndi ndende.

Mel Brooks analemba ndi kutsogolera filimu yoyambayo, ndipo inamupatsa Oscar ya wolemba. Zero Mostel (Max) akutuluka thukuta ndi dyera, Gene Wilder (Leo) akunjenjemera atakumbatira kansalu kake ka buluu. Amenewa ndi anthu othedwa nzeru zenizeni, n'chifukwa chake umaseka mpaka nthiti kuwawa.

Mu 2001 Brooks anaisandutsa sewero la nyimbo ku New York, Nathan Lane (Max) ndi Matthew Broderick (Leo) ali patsogolo. Linatenga mphoto 12 za Tony, mphoto zapamwamba za zisudzo za ku Broadway. Filimu ya 2005 ndi sewero limeneli, ndi anthu awiri omwewo, ndipo Susan Stroman amene analitsogolera pasiteji ndiye anaitsogoleranso. Anawonjezerapo Uma Thurman ndi Will Ferrell.

Vuto lagona pamenepo. Pasiteji wosewera amakweza mawu ndi kutong'ola maso kuti wokhala mpando wakumbuyo naye aone, kenako amaima pang'ono kudikira kuti anthu amalize kuseka. Kamera yayandikira mpaka pamphuno, koma Lane ndi Broderick akuchitabe zomwezo. Zili ngati munthu akukukuwira ngati uli kutsidya kwa mtsinje chonsecho mwakhala pamphasa imodzi. Broderick ndiye wavutika kwambiri: mantha amene kwa Wilder ankachokera m'mimba, kwa iye akuoneka oloweza.

Sikuti yonse ndi yotaya. Chigawo chimene agogo aja akuvina ndi zoyendera zawo zachitsulo n'chokoma, ndipo pali kusintha kumodzi kumene ine ndimakukonda. Mu 1967 amene akusewera Hitler ndi Dick Shawn, ngati mnyamata wa zamakono za nthawi imeneyo, nthabwala yomwe lero yazilala. M'sewero la 2001 ndi mufilimu ya 2005, wotsogolera sewero la Hitler lija mwini, Roger De Bris, ndiye akulowa m'malo mwa wosewera Hitler pa mphindi yomaliza, ndipo Gary Beach, yemwe akusewera Roger, akusandutsa Hitler kukhala munthu wongolira m'manja mwa oonera. Apa zokweza zija zikugwira, chifukwa tilidi m'nyumba ya zisudzo.

Nyimbo ina yoyambirira ya Max, "The King of Broadway", anaidula mufilimu ya 2005. Mukaifuna, fufuzani chimbale cha osewera a ku Broadway cha 2001.